Benchi yoyamba ya paini: miyezo yake ndi pamene ambiri timaphonya

Mabenchi ambiri amene anthu oyamba kumene ukalipentala amakhoma pakhomo amawonongeka sowo isanakhudze n'komwe thabwa. Amawonongekera pogula. Munthu amanyamula thabwa lochekedwa dzana, lolemera ndi madzi, lonunkhira bwino utomoni, n'kufika nalo kunyumba kuyamba kudula tsiku lomwelo. Benchi imaoneka bwino sabata ziwiri. Pofika sabata yachitatu majoini ayasama, pamwamba papindika ngati chipande, mwendo umodzi sukugundanso pansi. Mwini wake amayamba kudzida kuti alibe luso, chonsecho luso linalipo, thabwa ndi limene linali laliwisi.

Kuno ku Zomba nkhani ya chinyontho si yamasewera. Paini amene timagula, kaya watsika m'phiri lathuli kapena wabwera pa lole kuchokera ku Chikangawa, nthawi zambiri amagulitsidwa asanaume chifukwa wocheka akufuna ndalama yake lero. Mpweya wathu nawo ndi wonyowa kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo m'Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Thabwa limamwa chinyontho n'kufufuma, kukatentha limachitulutsa n'kunyala. Choti musunge m'mutu n'chakuti limafufuma ndi kunyala mulifupi ndi m'kuchindikala kwake. Mulitali silisintha kwenikweni. Zambiri zimene zimavuta pa benchi, pa tebulo ndi pa shelefu zimachokera pamenepa.

Mukafika kwa ogulitsa musachite manyazi kugwetsa mulu wonse, ndalama ndi yanu. Nyamulani matabwa awiri ofanana kukula: lolemera kwambirilo ndiye laliwisi. Likhudzeni ndi kuseri kwa dzanja, laliwisi limazizira ngati mtsuko wa madzi. Kenako ikani mutu umodzi pansi, winawo pafupi ndi diso, muyang'ane motsata m'mphepete ngati mukulunjika mbalame ndi legeni. Lokhota pang'ono ngati uta limagwira ntchito, chifukwa mulidula m'zidutswa zifupizifupi. Lopotoka lisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo, silidzawongoka. Yang'ananinso kumutu kwa thabwa kumene kumaoneka mizere yozungulira ya zaka za mtengo. Ngati kamtima kofewa ka pakati penipeni pa mtengo kali m'thabwamo, limenelo ling'aluka pouma. Mfundo zazing'ono zofiirira zogwirana bwino ndi thabwa zilibe vuto. Zakuda zokhala ndi khungwa m'mbali zimaguluka n'kusiya dzenje, ndipo mfundo yaikulu pa mwendo kapena pakati pa mtanda (kathabwa kogwirizitsa miyendo) ndi pamene padzathyokere. Mawanga abuluu amene amaoneka pa paini ndi chuku, chizindikiro chakuti matabwa anaunjikidwa ali onyowa. Sachepetsa mphamvu kwenikweni koma sachoka ndi sandipepa, ndiye ngati mukufuna vanishi apeweni, ngati mupaka penti alibe kanthu.

Ena amafuna kuyambira mlombwa kapena mbawa chifukwa ndi zimene amaona m'mashopu a akalipentala. Ndi matabwa okongola, ndipo mlombwa chiswe sichiukonda, koma ndi okwera mtengo ndipo kuphunzirira pa iwo n'kutaya ndalama. Komanso mitengo yachilengedwe yotere imatetezedwa ndi lamulo la za nkhalango la 1997, choncho thabwa lopanda mapepala likhoza kukuikani m'madzi. Mkungudza wa ku Mulanje ndiye musauyandikire n'komwe, watsala pang'ono kutha. Bulugamu ndi wolimba koma amang'aluka, amapotoka, ndipo msomali umapindikira m'njira. Malaina ndi wabwino, wopepuka, ndipo akauma sasunthasuntha, kungoti amachedwa kwambiri kuuma. Woyamba ayambe ndi paini. Ndi wofewa pa sowo, ndipo mukalakwitsa mtima suwawa kwambiri.

Kuumitsa kulibe njira yachidule. Pezani malo a mthunzi odutsa mphepo, pakhonde la kuseri kapena m'shedi. Yalani njerwa kuti matabwa akhale masentimita 30 kuchokera pansi, ndipo njerwazo zikhale pa levulo imodzi, chifukwa thabwa limauma motengera mmene lagonera. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo touma tochindikala masentimita 2, motalikirana masentimita 50, kamodzi pamwamba pa kanzake mowongoka kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pamwamba pa mulu tsinjikani njerwa zingapo. Kumitu ya matabwa pakani penti wotsala aliyense, popeza madzi amatuluka msanga kumutu ndipo n'chifukwa chake ming'alu imayambira kumeneko. Musawaimike pakhoma padzuwa monga timaonera m'mbali mwa msewu: kunja kumauma mkati mukadali madzi, thabwa n'kukhota.

Paini wa inchesi imodzi amafuna mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri m'nyengo yopanda mvula. Wa 2x2, kutanthauza mainchesi awiri mulifupi ndi awiri kuchindikala, amafuna yoposerapo, ndipo m'dzinja nthawiyo muichulukitse kawiri. Koma osadalira kalendala. Dulani kachidutswa kotalika ngati mkono, mukaike m'kati mwa mulu, muzikayeza pasikelo sabata iliyonse n'kulemba kulemera kwake pa iko komweko. Kakasiya kupepuka kwa sabata ziwiri zotsatizana, matabwa auma. Sikelo ya pagolosale imakwana. Akauma alowetseni m'nyumba momwe benchi izikhala, agone sabata imodzi asanadulidwe. Nthawi yabwino yogula ndi Meyi kapena Juni, kuti muzikhoma mu Ogasiti ndi Sepitembala.

Za zida, musathamangire zamagetsi, magetsi ake omwewa othimathima. Sowo yamanja ya mano ang'onoang'ono, hamala, tepi, sikweya, tchizulo cha mamilimita 20 kapena 25, sikuludiraiva, pensulo, ndi dirilo yopukusa pamanja ngati mungaipeze. Puleni ndi yabwino koma kuichuna ndi kuinola ndi sukulu ina payokha. Pa ntchito yoyamba pitani ndi matabwa anu ouma kwa amene ali ndi makina, akupalireni ndi kukung'ambirani. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi thukuta limene mwapulumuka. Pitani atauma, osati asanaume, chifukwa lopalidwa laliwisi limapindikanso.

Sikweya ya pamsika iyeseni musanaikhulupirire, zambiri zimanama. Igunditseni m'mphepete mwa thabwa lowongoka, jambulani mzere, itembenuzeni kuti chogwirira chiloze mbali inayo, jambulaninso pamalo omwewo. Mizere ikagonerana, sikweya ili bwino. Ikapatukana ngati mphanda, bwezani. Tepi gwiritsani imodzi yokha ntchito yonse.

Tsopano benchi yake. Ndi ya anthu awiri kapena ana atatu: masentimita 120 mulitali, 28 ndi theka mulifupi, 45 msinkhu. Msinkhu umenewu ndi wa mpando wamba, munthu wamkulu amakhala mapazi ali pansi. Mufunika thabwa limodzi la 6x1 (mainchesi 6 mulifupi, imodzi kuchindikala) la mafiti 18, limene ndi masentimita pafupifupi 549, ndi 2x2 wotalika mamita 2. Thabwa la mafiti 18 silikwera njinga ya kabaza, ndiye lidulitseni pomwepo pawiri, chidutswa china masentimita 250, chinacho chotsalacho. Cha 250 ndi cha pamwamba pokhalira, choncho chikhale chokongolacho. Chotsalacho a makina aja akaching'ambe pakati mulitali kuti chitulutse timatabwa tiwiri ta pafupifupi masentimita 7 mulifupi. Timeneti ndi mitanda yogwirizitsa miyendo.

Dziwani kuti dzina la thabwa si muyezo wake. La 6x1 likapalidwa limatsala pafupifupi masentimita 14 mulifupi ndi 2 kuchindikala, ndipo 2x2 amatsala 4.5 mbali zonse. Manambala anga atengera pamenepo. Anu akasiyana pang'ono, tsatirani thabwa lanulo, osati pepala.

Miyendo ndi inayi, uliwonse masentimita 43, chifukwa 2 otsalawo abwera ndi thabwa la pamwamba. Mitanda yaitali ndi itatu, ya masentimita 100: iwiri ya m'mbali kumwamba, umodzi wa pansi. Yaifupi ndi isanu, koma si yofanana. Itatu ndi ya masentimita 22, iwiri ndi ya 24. Ya 22 ndi ya kumwamba, imene imalowa pakati pa mitanda yaitali ija, iwiri kumapeto ndi umodzi pakati. Ya 24 ndi ya kumunsi kwa miyendo, kumene kulibe mtanda wautali wotsekera mitu yake. Pamwamba ndi matabwa awiri a masentimita 120. Masikuluwu a mamilimita 4 kunenepa ndi 50 kutalika alowa 44, ndiye gulani 50, ena amagwera m'utuchi osapezekanso. Guluu woyera wa matabwa botolo laling'ono limakwana.

Musanayeze chilichonse, dulani kaye kumutu kwa thabwa masentimita 3 kapena 5 motsata sikweya, chifukwa mutu wochokera kwa ocheka sukhala wowongoka ndipo umabisa ming'alu. Mzere jambulani mbali zitatu za thabwa, pamwamba ndi m'mbali monse, kuti muziona ngati sowo ikupendekeka potsika. Sowo imadya pafupifupi mamilimita 2, ndiye idutse kumbali yotaya ya mzere, mzerewo utsale ukuoneka pachidutswa chanu. Pa chifukwa chomwechi musalembe zidutswa zonse motsatizana pa thabwa kenako n'kuyamba kudula. Yezani chimodzi, dulani, yezani china. Miyendo inayi ikadulidwa, igundanitseni pamodzi muone ngati ikufanana, ndipo mizere ya majoini muijambule pa yonse inayi kamodzi itamangidwa pamodzi.

Poyamba kucheka, tsamiritsani sowo pa chala chachikulu, muikokere kwa inu kawiri katatu kuti ipange kanjira, kenako muziyenda nayo yonse kuyambira kunsonga mpaka kuchogwirira. Osaikanikiza. Ikamakakamira, pakani kandulo m'mbali mwake. Mukatsala pang'ono kumaliza gwirani chidutswa chimene chikugwacho, chikagwa chokha chimanyotsola kona ya chinzake.

Pamene pagona mphamvu ya benchi imeneyi ndi pa joini ya mwendo ndi mtanda, ndiye ndichedwepo. Oyamba ambiri amangogunditsa mtanda pa mwendo n'kukhoma misomali iwiri. Zikatero kulemera konse kwa munthu kumapachikika pa misomaliyo, ndipo nthawi iliyonse munthu akakhala kapena kudzuka, msomali umakuza dzenje lake m'paini wofewa. Pakatha miyezi ingapo benchi imayamba kuvina. Njira yake ndi kusema kakhwerero pa mwendo kuti mtanda ukhalepo. Thabwa limasenza thabwa linzake, sikuluwu ntchito yake n'kungogwira kuti zisapatukane.

Kumutu kwa mwendo uliwonse semani mbali ziwiri zoyandikana, zimene zidzayang'ane kunja. Kuzama sentimita imodzi, kutsika kofanana ndi mulifupi mwa mtanda wanu. Osayeza ndi tepi pamenepa, gonekani mtanda weniweniwo pa mwendo mujambule m'mbali mwake. Kumunsi, masentimita 12 kuchokera pansi, semani kampata kena kozama sentimita imodzi, ku mbali yoyang'ana kumapeto kwa benchi, komwe mukhale mtanda wa 24. Apa ndi pamene pamagwa anthu ambiri, ngakhale ozolowera: miyendo siifanana yonse, iwiri ndi ya kumanja, iwiri ya kumanzere. Mukasema yonse mofanana mupeza kuti iwiri ili ndi kampata kakumunsi ku mbali yolakwika. Iimikeni kaye inayi yonse pansi mmene idzaimire, mulembe ndi pensulo pamene pachoke nyama, ndipo pamutu pa uliwonse mulembe nambala.

Kasemedwe kake n'kosavuta. Chekani ndi sowo pamzere mpaka pa sentimita imodzi, kenako chekaninso timizere tina motalikirana sentimita imodzi m'malo monse mochoka. Gogodani ndi tchizulo, tizidutswa tithothoka tokha. Kenako salazani ndi dzanja, kuchokera m'mphepete kulowera pakati, kutembenuza n'kuchokeranso mbali inayo. Mukapyoza kuchokera mbali imodzi mpaka kutulukira kwinako, kona ya kotulukirako imanyotsoka. Manja onse awiri akhale kumbuyo kwa kukamwa kwa tchizulo, ndipo mwendo ukhale womangidwa kapena mwaukhalira. Mabala ambiri a ukalipentala amabwera ndi dzanja logwira thabwa kutsogolo kwa tchizulo. Paini amafuna tchizulo chakuthwa kuposa mlombwa, chifukwa chobuntha sichidula, chimangofinya n'kuphwanya. Nolani pamwala wonolera wothira mafuta pang'ono, ndipo kumsana kwa tchizulo kugone pamwala mosadzutsa. Kampata kakhale kothina moti mtanda ulowe pogogoda ndi chibakera. Kakakula musadzaze ndi guluu, guluu woyera sagwira pamene pali mpata. Matani kachipapati kopyapyala ka thabwa, kakauma musemenso.

Musanatsegule botolo la guluu, lumikizani benchi yonse youma, mutamanga ndi malegeni. Malegeni a chubu cha galimoto, odulidwa masentimita 3 mulifupi, amagwira ntchito ya makilampu bwinobwino mukawakulunga mokoka kangapo. Cholakwika chilichonse chioneke pano, osati guluu atayamba kugwira.

Mabowo a masikuluwu boolanitu. Pa mtanda bowo likhale la mamilimita 4 kuti sikuluwu idutse momasuka, m'mwendo la mamilimita 2.5 kuti mazinga agwire. Mukapanda kuboola mtanda, mazinga amagwira matabwa onse awiri ndipo sawakokera pamodzi, mpata umatsala pakati ngakhale mumange chotani. Kukamwa kwa bowo kuzani pang'ono kuti mutu wa sikuluwu ubisale. Bowo lisayandikire kumutu kwa mtanda kuposa masentimita 2, paini amang'aluka. Ndipo popeza kumutu kwa mwendo kukulowa masikuluwu ochokera mbali ziwiri, asemphanitseni: a mtanda wautali akhale masentimita 1.5 ndi 4.5 kuchokera pamwamba, a waufupi 3 ndi 5.8. Akakumana m'kati, wachiwiriyo amakhota n'kung'amba mwendo. Pakani kandulo pa mazinga, osati sopo, sopo amakoka chinyontho n'kuchititsa dzimbiri.

Ngati masikuluwu akula mtengo, misomali ya mainchesi awiri imagwira pa joini yosemedwa chonchi. Gogodani kaye nsonga yake ibunthe pang'ono. Msomali wosongoka umalowa ngati mphero yong'ambira nkhuni, wobuntha umadula njira yake. Ikhomeni iwiriiwiri mopendeketsa, wina kuloza uku wina uko, kuti isazuke.

Yambani ndi mbali ziwiri za kumapeto: miyendo iwiri, mtanda wa 22 kumwamba, wa 24 kumunsi. Guluu pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri zokumana, ndi chala. Mangani sikuluwu imodzi yokha pa joini iliyonse, kenako yezani mopingasa, kuchokera kona ya kumwamba kumanja kufika ya pansi kumanzere, n'kuyezanso inayo. Miyezo iwiriyi ikafanana, mbaliyo ili sikweya. Ikasiyana, kankhani pang'ono kona za muyezo wautaliwo mpaka ifanane, ndiyeno mangani masikuluwu achiwiri. Muli ndi mphindi pafupifupi 10 guluu asanayambe kulimba, ndipo kukatentha mu Okutobala n'zocheperapo. Mbali ziwirizi zigone mpaka mawa. Tsiku lotsatira zilumikizeni ndi mitanda iwiri ya 100, mitu yake ikutseka mitu ya mitanda ya 22, muyezenso mopingasa pamwamba. Lowetsani wa 22 wachitatu pakati penipeni. Wa 100 wotsala ugoneke chafufumimba pamwamba pa mitanda iwiri ya kumunsi, pakatikati, muumange kuchokera pamwamba. Ndauika pamwamba m'malo mwa pakati pawo dala: sikuluwu yolowera kumutu kwa thabwa sigwira bwino, ndipo kumutu kumamwa guluu ngati siponji osagwira kanthu. Mtanda umenewu umaletsa miyendo kutangadza, komanso ana amaikapo nsapato.

Guluu wofinyika kunja pukutani nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa, kawiri. Wouma saoneka pa paini woyera, koma mukapaka vanishi amatulukira ngati zikanga.

Matabwa awiri a pamwamba musawamate ndi guluu ku mitanda, ndipo musawagundanitse. Siyani mpata wa theka la sentimita pakati pawo, pensulo yopyapyala kapena misomali iwiri ikhoza kukuyezerani. M'Febuluwale adzafufuma, ndipo akasowa kopita amatukumuka kapena kukankha masikuluwu. Yang'anani kumutu kwa lililonse: mizere ya zaka ija ikhale ngati mbale yoyang'ana kumwamba. Thabwa likamauma mizereyo imafuna kuwongoka, ndiye likagona chotero m'mphepete mumatsikira pansi pa mitanda, pakati n'kukwera pang'ono, madzi osadikha. Mukaligoneka chadodolido m'mphepete mumadzuka n'kumakola zitenje. Kumapeto kulikonse thabwa lipitirire masentimita 10. Mizere ya masikuluwu ijambuleni pa masentimita 11 kuchokera kumapeto onse ndi pa 60 pakati, awiri pa thabwa lililonse pa mzere uliwonse. Musawonjezere kupitirira kwa kumapeto kuposa apa, chifukwa munthu akakhala kunsonga yekha benchi imadzuka kwinako.

Benchi ikamatsimphina musathamangire sowo. Simenti za m'nyumba zathu zambiri sizili pa levulo. Itembenuzeni, muiyesenso pamalo ena awiri atatu. Ngati mwendo wosagunda ukusinthasintha, vuto ndi pansi. Ngati ndi womwewo nthawi zonse, ikani tizipapati pansi pake mpaka benchi ikhazikike, gonekani pensulo pakathabwa kopyapyala, muzungulize miyendo yonse inayi, mudule pamizereyo. Kudula mwendo umodziumodzi mongoganizira kumathera pa benchi yaifupi ngati kampando ka pamoto.

Sandipepa yambani ndi wokhakhala wa nambala 80, kenako 120, kumaliza ndi wosalala wa 180, atakulungidwa pakathabwa, motsata mizere ya thabwa nthawi zonse. Zokanda zopingasa sizioneka mpaka vanishi atalowa. Makona onse akuthwa aphani pang'ono, chifukwa vanishi sakhala pa kona yakuthwa ndipo ndi pamene pamayambira kunyotsoka. Pansi pa miyendo pozungulira napo chitani chimodzimodzi kuti isathetheke pokoka benchi. Mabowo a mfundo ndi mitu ya masikuluwu tsekani ndi utuchi wosalala wa sandipepa wosakaniza guluu pang'ono. Musanamalize ndi 180, pukutani benchi ndi nsalu yonyowa, iume, tiubweya timene tadzuka tichoke ndi sandipepa womalizayo.

Vanishi pakani katatu, mopyapyala. Ulendo woyamba sungunulani pang'ono, gawo limodzi la chosungunulira pa magawo 10 a vanishi, kuti alowe m'thabwa. Chosungunuliracho chikhale chimene chalembedwa pachitini. Mukasakaniza cholakwika vanishi amagwirana ngati chambiko. Pakati pa ulendo ndi unzake dikirani tsiku lathunthu, n'kupalasa mopepuka ndi 180 wakutha kale. Pakani ndi kunsi komwe, makamaka pansi pa miyendo. Thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyontho mbali inayo n'kupindika, ndipo mitu ya miyendo ndi imene imayamwa madzi okolopera. Tsiku la chiperoni musapake, vanishi amachedwa kuuma ndipo amatuwa. M'miyezi ya fumbi, wazani madzi pansi, mupake m'nyumba m'mawa mphepo isanayambe. Ngati mwasankha penti, samalani mfundo: zimatulutsa utomoni kukatentha ndipo umapyoza penti n'kuoneka mawanga achikasu. Palani utomoniwo, pukutani ndi turpentine, yambani ndi pulayimala wa matabwa, penti wa pansi woyambira. Nsalu zimene zanyowa ndi vanishi kapena mafuta a linseed muziyanike zotambasula panja. Zikaunjikidwa pamodzi zikhoza kutentha zokha mpaka kuyaka.

Chiswe ndiye mdani wa paini, ndipo ku Matawale, ku Chikanda, ku Thondwe, kulikonse chilipo. Benchi isagone padothi, ndipo pakhonde muziisuntha posesa kuti muone ngati chayamba kumanga njira zake m'miyendo. Tizidutswa ta tayala tokhomedwa pansi pa miyendo timaitalikitsa ku madzi ndi dothi. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka ndi wa mitengo ya khola, pa benchi amanunkha ndi kudetsa zovala. Matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala amapirira chiswe, koma mankhwala ake ambiri ali ndi poizoni wa arsenic: asakhale pamwamba pa tebulo lodyera, ndipo zidutswa ndi utuchi wake zisalowe pamoto wophikira.

Mukatha benchi iyi, tebulo mwalitha kale, kamangidwe n'komweko. Msinkhu ndi masentimita 75, miyendo ikhale ya 3x3, mitanda ya kumwamba masentimita 9 kapena 10 mulifupi, ndipo kuchokera pansi kufika kunsi kwa mtanda pasachepere masentimita 62 kuti mawondo alowe. Chosiyana chachikulu ndi pamwamba. Matabwa omatidwa pamodzi okwana masentimita 75 mulifupi akhoza kusintha ndi pafupifupi sentimita yathunthu pakati pa Okutobala ndi Febuluwale. Mukawamanga zolimba ku mitanda yopingasa, amang'aluka pakati m'chilimwe. Amangeni kuchokera kunsi kudzera m'timitengo tomatidwa m'kati mwa mitanda, ndipo mabowo a m'timitengoto akhale otalika ngati nyemba, molozera mulifupi mwa tebulo, kuti sikuluwu iziyenda ndi thabwa.

Shelefu ya mabuku vuto lake ndi lina: kulendewera pakati ndi kupendekera kumbali. Paini wa masentimita 2 asapitirire masentimita 75 popanda chochirikiza, mabuku ndi olemera kuposa mmene amaonekera. Kumbuyo khomani pulayiwudi kapena hadibodi yodulidwa sikweya, misomali yaing'ono motalikirana masentimita 15, ndiyo imene imagwira shelefu kuti isagone chammbali. Ikatalika kuposa mwana wa zaka zisanu, imangirireni kukhoma kumwamba, ana amakwera.

Mpando wokhala ndi chotsamira udikire kaye. Pamene mwendo wakumbuyo umakumana ndi mtanda wa m'mbali pamalandira mphamvu yonse ya munthu wotsamira ndi miyendo iwiri ili m'mwamba, ndipo kakhwerero ka sentimita imodzi sikangapirire. Pamafunika joini yoboola mwendo n'kulowetsamo lilime la mtanda, lochindikala gawo limodzi mwa magawo atatu a mtandawo. Yesererani pa zidutswa za 2x2 zimene zatsala, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mpaka lilime lizilowa pogogoda pang'ono ndipo osagwa mukazondotsa mwendo.